Saturn wa msuweni wanga ndi akazi awiri a mwezi

Usiku wina wa chiperoni, mwezi wa June, msuweni wanga ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp. Pansi pake analemba kuti, "Asuweni, tawerengani izi. Anthu amenewa akundidziwa kapena?"

Zinali zolemba za Chingerezi za anthu openda nyenyezi. Choyamba chinkati munthu akamakwanitsa zaka 29, pulaneti ya Saturn imabwerera pamalo pomwe inali tsiku lobadwa iye, ndipo nthawi imeneyo zambiri zimagwa: ntchito, chibwenzi, ndalama. Chachiwiri chinkati Mercury ikuyenda chobwerera m'mbuyo, choncho si nthawi yosaina pepala kapena kuyamba chatsopano. Msuweni wangayo anali atangokwanitsa zaka 29. Ntchito yake yothyola tiyi inali itatha mu May, bambo wa mwana wake ali ku Joni ndipo foni sakuyankha. Ku banki m'khonde inali nthawi yake yobwereka ndalama zoyambira geni ya zitenje, koma anauza amayi anzake kuti adikire kaye.

Sindikufuna kumuseka. Ndikufuna kuwerenga zolembazo momwe timawerengera ndakatulo kapena nthano pano: zalembedwa bwanji, zikugwira mtima ndi chiyani, zikubisa chiyani. Kenako ndiziike pambali pa nthano yathu ina yomwenso imakamba za kukumana kwa zinthu zakumwamba.

Tiyambe ndi mawu awo, poti ambirife timangowameza osatafuna. Taganizirani thambo ngati lichero lozungulira logawidwa madigiri 360, inu muli pakati. Openda nyenyezi amayeza mpata womwe uli pakati pa mapulaneti awiri monga akuonekera tili pansi pano, ndipo mpata umenewo amautcha aspect. Awiriwo akaoneka pamalo amodzi amati conjunction. Akatalikirana madigiri 60 ndi sextile, 90 ndi square, 120 ndi trine, ndipo akayang'anizana pa 180 ndi opposition. Square ndi opposition amati ndi mkangano, trine ndi sextile amati ndi mgwirizano. Si za dzulo izi. Ptolemy wa ku Alexandria, ku Egypt, anazilemba m'buku lake la Tetrabiblos m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa.

Musachite nawo mantha mawuwa, mumawaona mwezi uliwonse. Mwezi ukafa, kukhala mdima wa ndiwe yani, ndiye kuti uli mbali imodzi ndi dzuwa: conjunction imeneyo. Ukaoneka theka, ndi square. Ukakhala wathunthu, kumatuluka kum'mawa pomwe dzuwa likulowa kumadzulo, ndi opposition. Ulendo wonsewo umatenga masiku 29 ndi theka.

Ndipo masamu awo ndi oona, apa ndisaname. Saturn imazunguliradi dzuwa pa zaka pafupifupi 29 ndi theka. Jupiter ndi Saturn zimakumanadi pakatha zaka pafupifupi 20. Zinakumana pa 21 December 2020, moyandikana kuposa nthawi ina iliyonse chichokere 1623, ndipo zidzakumananso mu 2040. Mercury imaonekadi ngati ikubwerera m'mbuyo katatu pachaka, nthawi zina kanayi, kwa milungu pafupifupi itatu. Koma sibwerera ayi. Zili ngati muli mu minibasi mu depoti ya Limbe, ina yapambali n'kunyamuka, inu n'kumva ngati yanuyo ndiyo ikusuntha. Mercury imathamanga kuposa dziko lathu, ndiye ikamatipitirira maso amatinamiza.

Luso loyamba la zolemba zimenezi lagona pamenepo. Zimayamba ndi nambala yoona, yoti wasayansi aliyense angavomere, kenako chiganizo chotsatira chimalumphira pa moyo wako osakuuza kuti tsopano tachoka pa zoyeza tafika pa zongoganiza. "Zaka 29 ndi theka" ndi zoona, ndiye "chibwenzi chako chitha" chimabwereka ulemu wa nambalayo, ngati mwana wovala jekete la bambo ake. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, yemwe anapempha openda nyenyezi kuti afananize tchati cha kubadwa kwa munthu ndi zotsatira za mayeso a khalidwe lake. Sanachite bwino kuposa munthu wongolotera.

Luso lachiwiri ndi chiganizo chokwana aliyense, ngati chitenje. Mu 1948 mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake pepala aliyense, n'kuwauza kuti likufotokoza khalidwe la iye yekha. Atawafunsa kuti lalondola bwanji, anapereka mamalikisi opitirira 4 pa 5. Chonsecho onse anali atalandira pepala limodzimodzi. Tsono tafunsani munthu aliyense wa zaka 29 kuno kwa Mphuka ngati zinthu zikumuyendera. Msinkhu umenewo ndi womwe anzako a ku sekondale ena ali ndi nyumba ya malata, makolo ayamba kudwaladwala, mwana akufuna yunifolomu. Ukalemba kuti "zikukuvuta" sungaphonye. Ngakhale ine nditawerenga chithunzi chija ndinati, aa, koma izinso ndi zanga izi.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri si zimenezo. Ndi choti m'zolemba zonsezo mulibe malo. Mulibe mvula. Kalendala yawo imayamba ndi Aries cha pa 21 March, chifukwa ku Ulaya nthawi imeneyo chisanu chimakhala chikutha, mitengo ikuphuka, ndiye amati ndi nyengo ya chiyambi. Kuno March ndi kumapeto kwa dzinja, chimanga chikucha, tikudya mondokwa. Tikuwerenga kalata yolembera munthu wina, ife n'kumalira ngati ndi yathu.

Ndipo kalata yopanda malo imasowanso chifukwa. Ntchito ya msuweni wanga sinathe chifukwa cha Saturn. Tiyi wa kuno ku Thyolo amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira December mpaka cha mu April. Kukazizira n'kuuma masamba amachepa, dengu silidzaza, ndipo ambiri olembedwa ntchito yapanyengo amabwerera kunyumba. Umenewo ndiwo mzungulire womwe umalamulira mphika wake, ndipo umabwera chaka ndi chaka, osati kamodzi pa zaka 29. Bambo wa mwana uja ali ndi dzina, ali ndi foni, anasankha yekha kukhala chete. Zolembazo zimachotsa anthu onsewa m'chiganizo n'kuikamo pulaneti. Pulaneti sungaitengere kwa ankhoswe. Sungakambirane nayo za mtengo wa kilo. Chomwe chimatsala ndi kudikira basi, ndipo msuweni wanga anadikiradi.

Tsopano nthano yathu. Agogo anga ankati akaona nyenyezi yowala kwambiri ija itayandikana ndi mwezi, ankaloza n'kunena kuti, "Waona iwe, uyo ndi mkazi wa mwezi." Ya m'bandakucha ankaitchula nthanda. Nthano yonse, ndi mayina omwe, ndinakaipeza m'zolemba za Alice Werner, mayi wina amene anakhalapo kuno m'zaka za m'ma 1890 n'kudzaphunzitsa zilankhulo za mu Africa ku London. Inde, nanenso za kwathu ndinazimva m'Chingerezi, ndipo zimenezo zimandichititsa manyazi pang'ono. Nthanoyo imati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Kum'mawa ali ndi Chekechani, nyenyezi ya m'mamawa, yemwe samudyetsa bwino, ndiye akakhala kumeneko amaonda mpaka kutheratu. Kumadzulo ali ndi Puikani, nyenyezi ya madzulo, yemwe amamusamala mpaka kunenepa.

Taonani mmene nthanoyi yalukidwira. Mwezi watsopano, kakang'ono ngati chikhadabo, umaonekadi kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo kuchokera pamenepo umakula usiku ndi usiku. Mwezi wotsala pang'ono kufa umaonekadi kum'mawa mbandakucha, cha kumene kuli phiri la Mulanje, utaonda. Wolemba nthanoyi, kaya anali ndani, anayang'ana thambo kwa nthawi yaitali ali pabwalo pakwawo. Anaona zomwe openda nyenyezi amatcha conjunction ya mwezi ndi Venus, ndipo anazifotokoza ndi zinthu za m'mudzi: nsima, mitala, kuonda. Mukhoza kutuluka panja n'kukamuyesa ngati ananama. Chinanso, nthanoyi sikukuuzani kuti mawa musapite ku msika. Ikufotokoza thambo pogwiritsa ntchito moyo wathu, pomwe zolemba za pafoni zija zikufotokoza moyo wathu pogwiritsa ntchito thambo. Njira yoyambayo imakusiya uli ndi maso akuthwa. Yachiwiri imakusiya manja ali m'khosi.

Komabe ndisaikometse mopitirira. Nthanoyi ili ndi chilema chomwe tikuchidziwa bwino: mwamuna akaonda, wolakwa ndi mkazi. Mwezi ukungoyendayenda nyumba ziwiri, sulima, subweretsa ndiwo, koma mlandu wagwera Chekechani. Amayi a kuno akhala akumva mlandu umenewu kuyambira kalekale.

Chosangalatsa n'chakuti thambo lenilenilo limaitsutsa nthanoyi pamfundo imeneyi. Nyenyezi ya m'mamawa ndi ya madzulo ndi chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus. Siitalikira dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 47, n'chifukwa chake simudzaiona pamutu pakati pausiku. Imakhala kumadzulo kwa miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi, n'kusowa masiku ochepa, kenako n'kutulukira kum'mawa kwa nthawi ngati yomweyo, n'kusowanso. Ulendo wonse ndi masiku 584. Ndiye kuti Puikani akakhala pakhomo, kwa Chekechani kulibe munthu. Palibe mitala apa. Mkazi ndi mmodzi.

Mukaiwerenga chonchi, nthanoyi imasanduka ya kuno kwenikweni. Mayi yemweyo amene mu February, dengu likudzaza pa sikelo, amagula usipa ndi mafuta ophikira, ndi yemweyo amene mu August amapereka nsima ya chigwada chopanda mchere wokwanira. Sanasinthe mtima. Yasintha ndi nyengo, ndi zomwe zikulowa m'nyumba. Tikamutcha mayina awiri, wabwino ndi woipa, ndiye kuti tayang'ana mbale osayang'ana chomwe chinachitika kumunda ndi ku esiteti. Nthano yabwino imatero: umaitsutsa, koma poitsutsapo imakuonetsa zambiri kuposa zomwe inanena. Zolemba za Saturn zija ukazitsutsa zimangophwa ngati chibaluni.

Zonsezi ndinamulembera msuweni wanga, mwachidule. Ndinamuuza kuti Mercury ilibe nazo ntchito zitenje zake, kuti chofunika kuwerengera ndi chiwongola dzanja cha ku banki m'khonde ndi miyezi yomwe anthu kuno amakhala ndi ndalama m'thumba. Anakhala kaye chete, kenako anayankha: "Ndamva asuweni. Koma aja anandiuzako kuti zitha liti. Inu simunandiuze."

Yankho limeneli landisowetsa tulo, chifukwa akunena zoona. Pali chinthu chimodzi chomwe zolemba za openda nyenyezi zimachita bwino, ndipo ndikanakhala wosalungama kuchibisa. Zimalankhula ndi munthu mmodzi, kumutchula kuti "iwe", usiku, ali yekha ndi foni. Zimamuuza kuti mavuto akewo ali ndi poyambira ndi pothera, kuti si ufiti, si tchimo lake, ndipo adutsa. Mawu akuti mzungulire ali ndi chifundo mkati mwake: chomwe chapita chimabwerera. Mtsikana wa zaka 29 amene ntchito yamuthera amafuna kumva zimenezo, ndipo sanazipeze m'Chichewa. Anazipeza kwa mlendo amene sadziwa n'komwe kuti Thyolo ili kuti.

Apa mlandu ukugwera ife olemba. Tili ndi mwezi womwe umafa n'kukhalanso, tiyi yemwe amaduliridwa mpaka kutsala zitsa n'kudzaphukanso ndi mvula, nthanda yomwe imasowa kumadzulo n'kukatulukira kum'mawa. Mizungulire yonseyi ndi yoona, ndi ya kuno, ndipo ina mwa iyo imakhudzadi mphika. Koma ndi angati mwa ife alembapo kanthu koti munthu ngati msuweni wanga awerenge pafoni usiku wa chiperoni, kolankhula naye iye, kosamunamiza, komutchulira amene wamulakwira ndi mwezi womwe masamba adzayambirenso? Ine sindinalembepo. Ndangotha kutsutsa omwe analemba.

Ngati mwezi uno nyenyezi yowala ija ikuoneka madzulo, dikirani mwezi ukhale, mutuluke panja dzuwa litangolowa, muyang'ane kumadzulo. Ngati kulibe, dzukani mbandakucha masiku ochepa mwezi usanafe, muyang'ane kum'mawa. Mukaipeza ili pafupi ndi mwezi woonda, mundiuze kuti mwamuona ndani, Chekechani kapena Puikani. Msuweni wanga akuti akayang'ana mitambo ikachoka. Za ngongole ija akuti ayankha gulu Loweruka.