Bokosi la Mkwatibwi Lopanda Mwambo

Pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga kwathu ku Midzemba, m'boma la Neno, ine monga mtsibweni ndidafuna kupereka mphatso yosiyana ndi mabeseni ndi mapoto amene aliyense amabweretsa. Ndidagula bokosi la mkungudza kwa osemasema a m'mbali mwa msewu mu mzinda wa Blantyre. Lidali losalala, lonunkhira, ndipo pachivundikiro padali njovu itaima pansi pa mlambe. Mayi anga adalitembenuza uku ndi uku, kenaka adandifunsa kuti, "Mwanawe, kodi njovuyi ikumulangiza chiyani mdzukulu wangayu?" Ndidasowa choyankha. Funso limeneli ndi limene landichititsa kuunika ntchito ya osemasema athu poiyerekeza ndi ya anzawo akale a ku Italy.

Cha m'ma 1390, munthu wina wamalonda wa ku Florence, Baldassare degli Embriachi, adali ndi malo osemera zinthu amene pambuyo pake adasamukira ku Venice. Amisiri ake adatchuka ndi timabokosi ta ukwati tosungiramo mphete, mikanda ndi makalata. Popeza minyanga ya njovu idali yodula, iwo ankasema mafupa a ng'ombe ndi akavalo. Fupa ndi lopapatiza, choncho ankalidula m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse nkusemapo anthu awiri kapena atatu, kenaka nkutindandalika mozungulira bokosi la thabwa. Munthu akamalitembenuza bokosilo, nkhani inkayenda ngati nthano ya pamoto. Ena mwa mabokosiwa akusungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London.

Nkhani zake sizidali zokoma zokhazokha. Padali ya Jason, amene adathandizidwa ndi Medea koma nkudzamusiya. Padali ya Pyramus ndi Thisbe, amene adakondana mobisa makolo atawakaniza, mapeto ake onse nkufa. Padalinso ya Suzana, amene adakana akuluakulu awiri omunyengerera. Tinganene kuti bokosilo lidali namkungwi wosayankhula, wokhala naye mkwatibwi kuchipinda moyo wake wonse.

Sindikunena kuti amisiri a ku Venice adali opanda chilema. Nawonso ankasemera msika. Ankapanga tizidutswa tofanana tambirimbiri, ndipo pachivundikiro ankasiya zishango ziwiri zopanda kanthu kuti wogula adzajambulitsepo zizindikiro za mabanja awiriwo. Nkhope za anthu awo nthawi zambiri nzofanana ngati mapasa. Malangizo akenso adalemera kwambiri kumbali ya mkazi, ngati kuti banja limapasulidwa ndi mkazi yekha. Komabe ankadziwa amene adzalitsegule bokosilo, ndipo ankayankhula naye.

Apa ndi pamene bokosi langa lidagwera. Luso la manja lilipo, palibe angatsutse: makutu a njovu adasemedwa mosamala, chivundikiro chimatseka bwino. Koma wosemayo m'maganizo mwake mudali mlendo wodzaona dziko, amene akufuna chomukumbutsa nyama za ku Liwonde. Njovu, mkango, mlambe, bwato panyanja, zonsezi zimabwerezedwa kuyambira ku Mulanje mpaka ku Nkhata Bay. Kwa mtsikana wa ku Midzemba, kumeneku nkukoma kwa nkhuyu, kokopa maso basi.

Chodandaulitsa nchakuti zoti nkusema tili nazo zochuluka. Pa chinkhoswe chomwecho ankhoswe adasinthana tambala ndi thadzi. Mkamwini adalandira khasu ndi nkhwangwa, mkwatibwi adalandira lichero, mthiko ndi chipande, chilichonse ndi tanthauzo lake. Nthano ya Achewa imati mwamuna ndi mkazi oyamba adatsikira pa Kaphirintiwa atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Kodi mbali zinayi za bokosi sizingakwane nkhani imeneyi? Ndipo sinenera mkazi yekha, chifukwa awiriwo adatsika limodzi. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a zaluso a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976 adaonetsa kale kuti mmisiri wa kuno angathe kusema mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao pa thabwa. Chatsala nchakuti luso limeneli lilowe m'nyumba za anthu wamba.

Pali chinanso chimene ndidachita nacho manyazi. Mkungudza wa ku Mulanje udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiripo. Amisiri a ku Venice adasiya minyanga nagwiritsa ntchito mafupa amene ogulitsa nyama ankataya. Ifenso mafupa ndi nyanga za ng'ombe zimangotayidwa m'misika yathu, pomwe mtengo wosowa ukutha posema njovu zosanena kanthu.

Mlandu suli pa osemasema okha. Mmisiri amasema chimene chikugulidwa. Ngati ife atsibweni, azakhali ndi ankhoswe sitipita kwa iye ndi nkhani yoti aseme, adzapitiriza kudikira mlendo. Bokosi lija mwana wa mlongo wanga akusungiramo singano ndi ulusi. Mng'ono wake akamadzalowa m'banja ndidzapitanso kwa wosema, koma ulendo umenewo ndidzayamba ndakhala pansi ndi mayi anga, andiuze zoti zisemedwe.