Kodi Kukoma kwa Nyimbo Zakale Kukhala M'ciani?

Mwezi uno tifuna kuyesa nchito ya gulu la oyimba lochedwa Ondatrópica, la ku Colombia, dziko la ku South America. Ngakhale dzikolo liri kutali tsidya la nyanja, mlandu wace ukhudza anthu onse amene ali nazo nyimbo za makolo, ndiwo uwu: nyimbo ikayamba kuzilala pakati pa ana, ingabwezedwe bwanji?

Nyimbo imene gululi linaigwira dzina lace ndi cumbia. Inabadwira ku gombe la kumpoto kwa dzikolo ndi m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Magdalena, ndipo makolo ace ndi atatu. Ng'oma zace zinadza ndi anthu a ku Africa amene anatsitsidwa pa doko la Cartagena ali akapolo. Zitoliro zace, zochedwa gaita, nza eni nthaka, amene aumba mutu wa citoliro ndi phula la njuci losanganiza ndi makala, nabayapo nthenga poombera. Mau ace ndiwo a Cispanya. M'zaka za 1940 Lucho Bermúdez anaionjezera malipenga, nalowa nayo m'mizinda. Ndipo kampani ya Discos Fuentes, imene Antonio Fuentes anaiyamba ku Cartagena mu 1934, nisamukira ku Medellín pambuyo pace, inafalitsa mbale za nyimboyi m'maiko ambiri.

Tsono mu 2012 amuna awiri a mbadwo watsopano, Mario Galeano wa ku Bogotá ndi Will Holland wa ku England, anasonkhanitsa oyimba 42 m'nyumba yojambuliramo nyimbo ya Fuentes, nakhala pa nchitoyo monga milungu itatu. Sanatsate njira ya makono, imene munthu ali yense ayimba pa yekha, kompyuta nilumikiza zidutswazo ndi kufafaniza zolakwa. Iwo anabwerera ku tepi ndi makina akale, nayimbira pamodzi.

Ambiri akamva nyimbozi ayamika kamvekedwe kace kakale, malipenga olira mwa mphamvu ndi ng'oma zogunda ngati ziri pakhomo pomwepa, nati, Makina aja ndiwo anacita izi. Ife sitibvomereza. Mphika wakale sukometsa ndiwo pa wokha. Akometsa ndi wophika. M'cipindamo munali nkhalamba zimene zinakhala pa nchitoyi moyo wao wonse: Aníbal Velásquez wa akodiyoni, wobadwa mu 1936, Michi Sarmiento wa lipenga la saxophone, Pedro Ramayá Beltrán wa citoliro ca bango, ndi Fruko, amene anakulira m'nyumba ya Fuentes yomweyo. Ubwino wa tepi unali umodzi wokha: popeza colakwa sicifafanizika msanga, mnyamata sakanatha kuyimba cogona, koma anayenera kuchera khutu ndi kupenyetsetsa dzanja la mkulu. M'cumbia muli kang'oma kochedwa llamador, ndiko kunena woitana, kamene kagunda mosasintha, zinzace zonse nizitsamira pa iko. Kukhala nako pamodzi osathamanga, osatsalira, sikulembedwa m'buku. Munthu aphunzira pokhala pafupi ndi wodziwa. Pamene nyimbozi zikoma koposa, cimene timva ndico akulu ndi ana kumverana.

Koma tikadangotama tikadanyenga owerenga athu, pakuti tiona zirema ziwiri. Coyamba, gululi linafuna kugwira zambiri. Linalowetsamo mayimbidwe a ku Jamaica, ndi rap ya Ana Tijoux wa ku Chile, ndiponso linatenga nyimbo ya gulu la ku England la Black Sabbath, niliisandutsa nthabwala ya mowa. Zina mwa izi zisangalatsa ndithu, koma womvera afika pena nafunsa kuti cumbia ija yatsala kuti. Akulu anati, Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Caciwiri cikhudza mau akuti kuukitsa, amene anthu akonda kunena za nchito zotere. Aukitsa cinthu cakufa, koma cumbia siinafe kwao. Gulu la kumudzi la Los Gaiteros de San Jacinto linalandira mphotho ya Latin Grammy mu 2007, Ondatrópica isanabadwe. Amene anaiwala, kapena sanamvepo, anali ana a m'mizinda ndi alendo a kunja; ndipo kamvekedwe kamene kanabwezedwa si ka pa bwalo la mudzi, kumene akazi abvina ndi makandulo oyaka m'dzanja, koma ka m'mbale za zaka za 1960. Ici si cimo, koma ciyenera kuchulidwa ndi dzina lace, kuti wogula mbale asayese kuti wamva zonse.

Tsono ciweruzo cathu ndi ici: nchitoyi njabwino, ndipo iyenera ulemu, si cifukwa ca makina akale, amene ali yense wa ndalama angagule, koma cifukwa anaitana akulu akali moyo, nawakhazika patsogolo. Michi Sarmiento anamwalira mu 2021. Akadazengereza zaka khumi, lipenga lace silikadamveka pakati pao. Inde, mau a akulu akoma akagonera, koma agonera mwa iye yekha amene anakhala pansi nawamva.