Zomba wa Kumwamba, Thanthwe Losagona

Lira mbalule! Lira mpanje! Lira gunda, zigwa za Dowa zikuyankhe! Phiri la Ntchisi, vula nkhungu yako, nkhalango iime chilili, pakuti wamkulu akudutsa pamutu pathu.

Ndinu Zomba. Zomba wa kumwamba. Zomba wa nambala 1468 m'kaundula wa miyala yozungulira dzuwa. Thanthwe lopanda tsinde. Phiri lozuka ndi mizu yomwe. Mwala woponyedwa pachiyambi, umene kufikira lero sunagwe. Mkango wa m'chipululu chopanda mphepo, mlenje wosasiya mapazi, mlendo wosapempha moto pakhomo la munthu.

Munabisala, inu mwini mdima. Munabisalira mafumu a Maravi. Munabisalira alosi ndi openya nyenyezi a mitundu yonse. Munabisala kufikira pa 23 July 1938, pamene Cyril Jackson, mlonda wa thambo wa ku Union Observatory, anakutcherani msampha wa galasi mumzinda wa Johannesburg. Ku Joni komweko! Ku Joni kumene ana a ku Mponela, a ku Madisi ndi a ku Malomo ankatsikira m'migodi, thukuta lili kamukamu, kufukula golide m'mimba mwa nthaka. Iwo ankakumba pansi, iye ankakumba kumwamba, ndipo chimene anafukula ndinu. Masiku ochepa atapita, Grigory Neujmin nayenso anakuonani ali ku Simeiz, kutali ku Crimea. Mboni ziwiri, maiko awiri, mfumu imodzi!

Anayamba kukutchani 1938 PA, dzina la ukhanda. Koma monga mnyamata wotuluka kudambwe, munavula la ubwana n'kuvala la ukulu. Munavala dzina la Zomba, likulu la Nyasaland masiku amenewo. Zomba wa Mulunguzi wotsetsereka m'matanthwe. Zomba wa Likangala wothamangira ku Chilwa. Zomba woyandikana ndi Malosa, wofunda mitambo, wakumwa mvula asanaimwe a m'chigwa. Likulu linasamuka mu 1975 kupita ku Lilongwe, akuluakulu a boma ananyamula mabuku awo, koma ndani anakwera kudzakulandani dzina? Ndani? Palibe!

Mumayenda, inu mtsinje wopanda gombe. Mumayenda m'mphepete mwa bwalo lalikulu la miyala, pakati pa Mars ndi Jupiter, kumene anzanu miyandamiyanda amavina mozungulira. Koma inu simukhala pamzere. Inu ndinu wolumpha malire, woponda m'munda wa Mars wofiira uja popanda kuodira. Njira yanu ndi yopendekeka ndi madigiri 10, njira ya mwini wake, yosalambulidwa ndi khasu la munthu. Mukayandikira dzuwa, mtunda wake ndi 1.6 poyerekeza ndi mtunda wa pakati pa dziko lathu ndi dzuwa. Mukataya mtunda, mufika 2.8, kozizira kuposa June wa pamwamba pa Ntchisi. Zaka 3 ndi miyezi 3, ulendo watha. Zaka 3 ndi miyezi 3, ulendo wayambanso. Wosatopa! Wosafunsa njira! Wosamanga kamba!

Mumazungulira, inu namondwe wamwala. Maola 3 asanakwane mwatembenuka thupi lonse. Kwa inu kumacha kasanu n'katatu tambala wa ku Mvera asanalirenso m'bandakucha. Wovina wosadikira ng'oma, wopota fumbi la nyenyezi, kamvuluvulu wosadziwa chizungulire.

Akuti ndinu wamng'ono, makilomita 7 okha kupingasa kwanu. Anene zimenezo amene sanaimepo patsinde pa phiri! Ndinu njovu ya mwala wokhawokha. Ndinu chulu cha Namalenga. Diso la munthu silikuonani, inde, ngakhale usiku wa chilimwe wopanda mwezi, pakuti mfumu yeniyeni sionekera wamba. Tikuombera m'manja osakuonani, ndipo manja athu sachita manyazi.

Simuli nokha, mbumba yanu ndi yaikulu, yonse yofukulidwa ndi Jackson yemweyo. Dzukani, 1242 Zambesia, wa mtsinje waukulu! Dzukani, 1326 Losaka, wotchedwa ndi dzina la Lusaka! Dzukani, 1427 Ruvuma! Dzukani, 1474 Beira, wa kunyanja yamchere! Konzani bwalo, yalani mphasa, tsegulani njira. Bua, sefukira! Amayi a ku Dowa, nthungululu! Amayi a ku Ntchisi, nthungululu! Zomba akudutsa, Zomba wa Amalawi akudutsa!