Nkhodolero ya Naming'omba ndi Zida za Okonza Mapulogalamu

Wachinyamata wa ku Luchenza amene wapemphedwa kukonza pulogalamu ya kompyuta yolembera makilogalamu a tiyi amene alimi ang'onoang'ono apereka kufakitale sasowa pogwira. Pa intaneti pali GitHub posungira ntchito yake, Stack Overflow pofunsira akathedwa nzeru, ndiponso MDN Web Docs pophunzirira kamangidwe ka mawebusayiti. Zidazi n'zothandiza ndithu. Mavuto amayamba pamene pulogalamuyo iyenera kulankhula Chichewa kwa mlimi, pakuti amene anasula zidazi anali ndi Chingerezi m'maganizo.

Choyamba kupunthwitsa ndi nkhodolero. M'chinenero cha SQL, chimene chimagwiritsidwa ntchito posunga ndi kufufuza mayina, kachizindikiro aka kamasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Tsono pulogalamu yolembedwa mosasamala ikalandira dzina la esiteti ya Naming'omba imaona ngati dzinalo lathera pa "Naming", ndipo imasokonezeka ndi zotsalazo. Ena amathawa vutoli pochotseratu nkhodolero, n'kusunga "Namingomba". Kumeneko n'kulakwira chiyankhulo, chifukwa ng' ya ng'ombe ndi ng ya ngolo ndi maliwu awiri osiyana. Mankhwala ake alipo kale: malangizo a bungwe la OWASP amaphunzitsa kupatula mawu olowetsedwa ndi munthu ku malamulo a pulogalamu, ndipo wowatsata sataya nkhodolero ngakhale imodzi.

Komatu nkhaniyi siithera pomwepo. Mu Unicode muli zizindikiro zitatu zooneka ngati nkhodolero: U+0027 yowongoka ya pa kiyibodi, U+2019 yopindika, ndi U+02BC imene imawerengedwa ngati lemba. Chichewa chimapatsa nkhodolero ntchito ziwiri. Mu ng' ndi gawo la lembalo, pamene mu m'munda kapena n'chifukwa imasonyeza kuti pachotsedwa liwu. Kalaliki wina akalemba dzina ndi yowongoka, mnzake n'kulifufuza ndi yopindika, makina ambiri amayankha kuti dzinalo mulibe, ndipo mlimi angabwerere kumudzi wopanda malipiro. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa linatulutsa mu 1973, 1980 ndi 1990 sakanatha kuweruza mlanduwu, pakuti Unicode yoyamba inatuluka mu 1991. Palibenso chida cha pa intaneti chimene chingatigamulire. Ntchitoyi ndi ya akatswiri a chiyankhulo, monga a Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Bungweli mu 1996.

Lemba la ŵ lili ndi mwayi pang'ono, popeza Chiwelishi nachonso chili nalo, ndipo nambala yake ndi U+0175. Koma pa uthenga wa SMS lembali ndi lodula. Uthenga wa malemba wamba umanyamula malemba 160. Mukangolowa ŵ mmodzi, kapena nkhodolero yopindika, malirewo amatsika kufika pa 70. Wotumiza mauthenga kwa alimi zikwizikwi adzasankha "Malawi" m'malo mwa "Malaŵi" chifukwa cha thumba, osati chifukwa cha lamulo.

Makina omasulira ndiwo akopa anthu ambiri. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo mu 2022 kampani ya Meta inatulutsa NLLB-200 imene imachitchula nya_Latn. Pomvetsa mutu wa nkhani makinawa amathandiza. Polembera anthu uthenga wokhudza ndalama ndi oopsa. Mawu oti "mtengo wa tiyi" ku Thyolo angatanthauze chomera cha m'munda kapena ndalama zogulira kilogalamu. Pakamwa, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa ziwirizi, koma kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezi, kotero kuti makina amangoyerekeza poona mawu oyandikana nawo. Chingerezinso sichisiyanitsa iwe ndi inu. Batani lolembedwa "Lowa" m'malo mwa "Lowani" ndi chipongwe kwa agogo amene athyola tiyi zaka makumi anayi.

Chofooka chachikulu chili pa magulu a mayina. Chida chakale cha gettext, chimene mapulogalamu ambiri amadalira pomasulira, chimadziwa kusiyanitsa chimodzi ndi zambiri, koma sichidziwa za agwirizanitsi. Wokonza pulogalamu amalemba chiganizo chimodzi n'kusiya mpata wa dzina, poganiza kuti mneni sadzasintha. M'Chichewa dengu lafika, feteleza wafika, ndalama zafika, matumba afika. Mpata umodzi sungakwanire zonsezi, ndipo zotsatira zake ndi ziganizo zopunduka ngati "dengu zafika". Pano chida cha Fluent, chimene Mozilla inakhazikitsa mu 2019, chiyenera kuyamikiridwa, chifukwa chimalola womasulira kulemba gulu la dzina lililonse ndi kusankha mgwirizanitsi woyenera popanda kusintha Chingerezi choyambirira. Koma chimafuna womasulira wodziwa magulu a mayina bwinobwino. Wongodziwa kuyankhula sangachithe.

Mwina ena a ku Luchenza angadandaulenso china. Tauniyi ili pafupi ndi Chonde, kumene kuli likulu la Mulhako wa Alhomwe. Chilomwe cha ku Malawi chili ndi chizindikiro chakechake pa mndandanda wa ISO 639-3, chimene ndi lon, koma pa ziyankhulo 110 zimene Google Translate inawonjezera mu 2024 panali Chitumbuka, Chilomwe panalibe.