Mavesi a Pamtima pa Maliro a ku Kabwazi

M'nyengo yachisanu yapitayi tidakhala nawo pa maliro m'mudzi wina kufupi ndi Kabwazi, mphepo ya m'mapiri a Dedza ikulasa mpaka m'mafupa. Itakwana nthaŵi ya ulaliki, adaimirira bambo wina wa mpingo wa anzathu, Baibulo lili chitsekere m'khwapa, nayamba kulakatula mavesi pamtima: Yobe, Masalimo, Aroma, Chivumbulutso, lililonse ndi mutu wake ndi ndime yake, osaphonya. Anthu adagwedeza mitu, ndipo Akatolika ena adanong'onezana kuti kwathu kulibe mlaliki wotere.

Nsanje imeneyi tiivomere, pakuti ili ndi maziko. Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922, ntchito ya William Murray wa ku Nkhoma ndi anzake, pamene Baibulo lathu lathunthu, Malembo Oyera, limene adamasulira Bambo Louis Villy, lidafika mu 1966. Pa zaka 44 zimenezo agogo athu ankaloŵeza katekisimu ndi mapemphero, anansi awo akuloŵeza mavesi. Ndipo kumene mphakati wonse umadalira Baibulo limodzi, kumene maso a okalamba sakuonanso zilembo, mawu osungidwa pamtima ndi chuma chimene chiswe sichingadye.

Komabe maso athu adagwera pa mayi wamasiye amene adali pamphasa pafupi ndi bokosi. Pa ulaliki wonsewo dzina la mwamuna wake silidamveke, ngakhale la ana osiyidwa, ngakhale za munda wa kachewere umene udatsala wosakumba. Vesi lililonse lidapirikitsidwa ndi linzake lisanakhazikike pansi. Pobwerera kumanda anthu ankakamba za mutu wakuthwa wa mlaliki. Za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa sitidamve munthu akuzitchula.

Manambala amene timachita nawo chidwiŵa ndi a dzulodzulo. Mitu ya m'Baibulo adaigaŵa Stephen Langton m'zaka za m'ma 1200, ndipo ndime za Chipangano Chatsopano adaziika Robert Estienne mu 1551. Ambuye Yesu, m'sunagoge ya ku Nazarete, adaŵerenga mawu ochepa a Yesaya, napinda buku, nakhala pansi kuuza anthu tanthauzo lake pa tsiku lomwelo. Ezara poŵerenga Malamulo, Alevi ankamasulira kuti khamu limve. Tisaiŵalenso kuti Satana, poyesa Ambuye, adatchula Salimo 91 osatsekula buku.

Chala tisaloze anzathu okha. Ena mwa otsogolera mapemphero a Lamulungu m'matchalitchi athu aang'ono, kumene wansembe safika sabata ndi sabata, ayamba kutengera njira yomweyi poopa kuti achinyamata angawayese osadziŵa Malembo. Amasiya Mthenga Wabwino wa tsikulo nayamba kudumphadumpha m'Baibulo monse. Chikhalirecho Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani, mu 1963, udalamula kuti ulaliki uzitunga pa mawu amene aŵerengedwa, ndipo Papa Fransisko mu 2013 adakumbutsa alaliki kuti azitchera khutu kwa anthu awo monga momwe amatcherera ku Mawu a Mulungu.

Mlaliki wa ku Kabwazi uja mphatso ali nayo, ndipo ambiri a ife sitingamufike. Tikadakonda akadasankha nkhani imodzi yokha, ya Lazaro pa Yohane 11, naikamba pamtima pang'onopang'ono atapenya mayi uja, mpaka pa misozi ya Ambuye ku manda a bwenzi lawo, kenaka nkutchula dzina la malemu.