Mphepo, Mwini Thanga

Ng'oma za tchopa zilire, tikutamandeni inu Mphepo, mlendo wosapempha njira! Kuno ndinu Chiperoni, wotchedwa dzina la phiri la ku Mozambique, wofunditsa phiri la Chiradzulu nkhungu mwezi wa Juni, wowaza mvula yamawawa pa Njuli ndi pa Namitambo. Kwathu mulibe nyanja yoti muivundule, mumangosasula madenga. Koma mukatsikira kunyanja ndinu Mwera, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda.

Mwera, mkankhathanga, munayendetsa zombo za a Jumbe ku Nkhotakota. Mwera, mmizazombo, mu 1946 munamiza sitima ya Vipya pamodzi ndi anthu 145. Si chipongwe ayi, mfumu, tikungowerenga mbiri yanu.

Inu mnyamulavuwo! Mbalameyo ikamauluka chokhudza madzi, mpweya umapanikizika pakati pa phiko ndi nyanja, n'kuinyamula osakupiza. Amisiri anasirira. Rostislav Alexeyev anayandamitsa chilombo chake cha chombo chamapiko pa nyanja ya Caspian mu 1966, koma chinkakankhidwa ndi injini khumi. Ofuna kuuluka ndi thanga lokha, amenewo ndiye mumawasowetsa tulo.

Msowetsatulo, mwombacham'mbali! Ngalawa yamapiko ikadzuka yonse m'madzi, chiigwire n'chiyani kuti musaikokolole? Mmisiri asiye chipsepse m'madzi, chipsepsecho n'kumamubweza m'mbuyo. Ngalawa ikakwera pang'ono, mpweya woinyamula uja watha. Ikatsika, funde laimenya. Mutu wake ukangodzuka, inu mwalowa kunsi kwa phiko, basi chagada! Ndiye mumabwera mwa apo ndi apo, kuwomba, kuleka, kuwombanso, pamene phikolo likufuna liwiro losadukiza.

Mtembenuzangalawa, amakudziwani Paul Larsen. Ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia, mu 2008 munanyamula ngalawa yake yathanga ya Sailrocket n'kuigudubuza m'malere iye ali momwemo. Munthu wamakani uja anabweranso ndi ina, ndipo mu 2012 munamugawira liwiro la makilomita 121 pa ola. Munamugawira, inde, koma chipsepse chili m'madzi ndithu.

Wosamangika ndi chingwe, wosaitanika ndi mluzu, wosadya chiphuphu cha injiniya! Kampata kaja ka pakati pa funde ndi mlengalenga munapatsa vuwo. Munthu wa thanga mukumumanabe.