Nyimbo za Blues ku Chicago: Kumene Woimba Ayesedwa

Munthu wofuna kumva nyimbo za blues mumzinda wa Chicago, m'dziko la America, ali ndi njira ziwiri. Akhoza kutsata kumene alendo apita, kapena kufunsa eni mudzi za usiku umene woimba aliyense aloledwa kukwera pansanja. Ife titi njira yachiwiriyi ndiyo ya munthu wofunadi kudziwa nyimbo, ndipo chifukwa chake chikhudza ntchito imene inu mulikukonzekera.

Nyimbo izi zinadza ku Chicago ndi anthu akuda ochokera kummwera. Muddy Waters anafika mu 1943 kuchokera ku Mississippi, ndipo Buddy Guy mu 1957 kuchokera ku Louisiana. Sizinakulire m'nyumba za anthu olemera ayi. Zinakulira pamsika wa Maxwell Street, pamene oimba onga Little Walter ankaimba pabwalo, magetsi a zokuzira mawu atawakoka ndi nthambo kuchokera m'nyumba zoyandikana. Zinakuliranso m'timabala tonga Theresa's Lounge, kachipinda ka kunsi kwa nyumba, m'mene Junior Wells ankaimba, ndipo Lolemba woimba wongobwera ankapatsidwa mpata. Malo awiriwa anapita: Theresa's inatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo msika unasamutsidwa mu 1994 kuti University of Illinois ikuze malo ake. Koma mwambo wa usiku wa aliyense sunafe.

Mwambowo uyenda chotere. Gulu la eni nyumba liyamba kuimba. Wofuna kuyesa alemba dzina lake papepala, natchula chimene aimba, kaya gitala, kaya ng'oma, kaya mawu okha. Tsono woyendetsa mwambo aitana maina, naphatikiza anthu amene mwina sanaonanepo chibadwire, nawapatsa nyimbo ziwiri kapena zitatu. Wotsogolera angonena poyambira mawu ndi liwiro la nyimbo, basi ayamba.

Nanga zitheka bwanji kuti anthu osadziwana aimbe pamodzi osaphunzira? Chinsinsi chili m'mamangidwe a nyimbo. Ndime ya blues kawirikawiri ili ndi timagawo 12 ndi mizere itatu: woimba anena mzere woyamba, naubwereza, ndipo wachitatu umasula kapena kutembenuza zimene wanenazo. Pakutha pa mzere uliwonse asiya danga, ndipo gitala avomera. Popeza njira idziwika kwa onse, luso la munthu lioneka pa zimene achita ndi dangalo. Apa ndipo tiyesera woimba. Wina adzaza danga lonse ndi phokoso, zala zilikuthamanga osamva mnzake. Ameneyo ndiye chilema cha usiku wotere, ndipo ngochuluka. Wina ayankha ndi timawu titatu tokha, nyumba yonse nifuula movomereza. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo omvera apirira oimba asanu osakhwima podikira mmodzi wotere.

Sitinyoza nyumba zotchuka. Kingston Mines, imene inayamba mu 1968, ndi Buddy Guy's Legends, ya mu 1989, zadyetsa oimba ambiri, ndipo popanda malipiro palibe woimba angakhalitse. Koma David Grazian, m'buku lake Blue Chicago la mu 2003, anasonyeza kuti alendo adza ali nacho kale chithunzi cha blues m'mutu, ndipo oimba akakamizika kubwereza nyimbo zochepa zomwezo usiku ndi usiku. Pamenepo omvera sayesanso nyimbo; angofuna kumva chimene anachilipira. Pa usiku wa aliyense zinthu zikhoza kulakwika, ndipo ndicho chifukwa chake khutu likhala tcheru.

Chotero wofunafuna asakhutire ndi zolengeza za pa intaneti zokha. Afunse ogulitsa magitala, afunsenso oimba eni ake kumene apita akakhala kuti sali pantchito, pakuti usiku wotere ugwa kawirikawiri pakati pa mlungu, pamene alendo achepa. Akafika, ayang'ane ngati omvera ayankha woimba, ndiponso ngati oimba amverana.

Inu mudzaphunzitsa nyimbo ndi nthano za chinenero chathu. Sititi blues ndi nyimbo zathu. Zili ndi eni ake ndi mbiri yake ya masautso. Koma lamulo lake la kutsogola ndi kuvomera mulidziwa kuyambira ubwana. Nyimbo yolembedwa pabolodi, ana naiwerenga pamodzi, ndi theka chabe la nyimbo. Sankhani tsiku limodzi pamlungu lakuti mwana aliyense wofuna aime patsogolo, atsogole nyimbo ya kwawo, anzake navomere. Musamdule akaphonya, ndipo pomuyesa musamve mawu ake okha: mverani m'mene anzake amyankhira.